Mpeni Wanga M'chikwama cha Mwana Wanga

Ntchito yanga pageti la koleji inali yopisa m'zikwama za eni. Ndinali ndi tebulo lofupika mwendo umodzi, kamtengo kovundulira katundu, ndi mawu awiri okha: "Tsegulani chikwama." Ana asukulu anandipatsa dzina kuchokera pa mawu omwewo. Ndinali Mayi Tsegulani, ndipo ena anamaliza maphunziro awo akukhulupirira kuti ndi dzina la bambo anga.

Palibe amene amakonda munthu womudziwa zam'chikwama. Ine ndinkadziwa wonyamula buledi wa dzana, wobisa mapiritsi m'sokosi, wosenza chimbuku chachikulu chomwe sanachitsegulepo chigulireni. Ndiye ankandidutsa maso ali kumbali, ngati akudutsa mtengo wa magetsi. Nthawi ya nkhomaliro alonda anzanga, amuna okhaokha, ankakhala kuseri kwa kanyumba kathu n'kumakangana za mpira. Ine ndinkadyera patebulo langa lomwelo, ndikuyang'ana magalimoto mumsewu. Zaka zisanu ndi ziwiri zinatha choncho, ndipo ndinazolowera monga munthu azolowera dzino lobowoka.

Chaka chimene mwana wanga analowa pakolejipo, anyamata awiri anabayana kuhositelo, mmodzi n'kutsala pang'ono kutisiya. Lamulo linakhwima. Sizasi, lezala ndi sikuludiraiva tinkangolanda n'kuponya m'bokosi lachitsulo. Koma mpeni, ufupike bwanji, mwini wake tinkamulemba m'buku, kumutengera ku ofesi, sukulu yake n'kuthera pomwepo. Anachotsedwa anayi, ndipo atatu mwa iwo ndinawagwira ndine. Ndisaname, ndinkayenda mapewa ali m'mwamba. A Kapitawo, omwe ankatiyang'anira alonda tonse, ankanditchula pa perete wa m'mawa kuti amuna atengere chitsanzo.

Mwana ndili naye mmodzi yekha, wamkazi. Bambo ake anatisiya iye asanamalize kumera mano, anakapeza kokoma kwina. Ndinamulera ndekha m'zipinda ziwiri za lendi, ndipo atasankhidwa kukaphunzira zoyeza magazi pakoleji pomwe ndinkalondera, ndinalira mpaka aneba kudzagogoda kufunsa amene wamwalira.

Pangano ndinaliyambitsa ndine. Ndinamuuza kuti pageti sitidziwana.

"Amayi, ine sindichita nanu manyazi," anatero.

"Ndikudziwa. Koma anzako akadziwa, azidzakutuma kuwalowetsera mowa."

Linali bodza. Sindinkafuna kuti azimutcha mwana wa Tsegulani, azikhala yekha ngati ine. Ndiye m'mawa uliwonse ndinkatuluka iye akadali m'bulangete, n'kudzakumana naye pamzere wanga itadutsa seveni. Ndinkati tsegulani, iye n'kutsegula, ine n'kuvundula ndi kamtengo mabuku amene ndinawakutira ndekha, kenako n'kunena kuti pitani. Pa tsiku lonse, kamphindi kameneko ndi komwe ndinkakayembekezera.

M'chaka chake chachiwiri mpeni wanga wakukhitchini unasowa. Unali wachigwiriro chakuda chomwe chinasweka ine n'kuchimanga ndi waya. Ndinafuna pansi pa kabati, m'ndowa ya zinyalala, kuseri kwa mbaula, osaupeza. Mtima wanga sudziwa kudikira, ndiye ndinapita kwa aneba, mayi wogulitsa zovala zakaunjika, munthu yekhayo amene ankandiluka tsitsi Lamulungu masana n'kumandiseketsa.

"Aneba, mpeni wanga uja munabwereka."

"Ndinabweza kalekale, anzanga."

"Ndiye wamera miyendo?"

Anandiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu, n'kutseka chitseko chawo mwaulemu wopweteka. Kuyambira tsiku limenelo tinkangopatsana moni wouma pampopi, ndipo tsitsi langa ndinkangolimanga m'duku.

Patatha masabata atatu, Lachiwiri m'mawa, mwana wanga anaima pamzere wanga monga mwa masiku onse. Kamtengo kanalowa pansi pa khoti lake loyera la ku labotale n'kugunda chinthu. Munthu ukagwira ntchito imeneyi nthawi yaitali, dzanja limamva lokha kuti ichi ndi cholembera, ichi ndi supuni, ichi si chabwino. Ndinatukula khotilo pang'ono. Munali sokosi, ndipo kukamwa kwa sokosiyo kunasuzumira chigwiriro chakuda chomangidwa ndi waya wanga.

A Kapitawo anali chapafupi pomwepo, akusainitsa woyendetsa lole ya simenti. Ndinakweza maso. Mwanayo sanagwetse nkhope, sanandipemphe ndi maso, anangondiyang'ana ngati munthu wotopa amene akudikira minibasi. Ndinabweza khotilo.

"Pitani," ndinatero.

Tsiku limenelo ndinavundula zikwama mazanamazana osaona kanthu. Wina akanatha kulowetsa nkhwangwa ine n'kumuuza kuti pitani.

Madzulo ndinafika kunyumba dzuwa likadalipo, n'kudikira kuti ayambe yekha. Ndinakhala patsogolo pake dala ndikucheka anyezi ndi kampeni kopakira majarini, anyezi akuthawa m'mbale. Iye maso anali pa kope lake.

"Sukulu ikuyenda?"

"Ikuyenda."

Ndinaponya kampeniko pansi. "Iwe, ukufuna kundipha ndi mtima? Mpeni wanga ukutani m'chikwama mwako?"

"Ndimasendera malalanje."

"Usandiyese chitsiru, wamva? Ukudziwa chimene chimachitika. Atatu ndawachotsetsa ine ndemwe ndi manja awa."

"Ndiye mundilembe m'buku, Amayi. Si ntchito yanu?"

Anatola chikwama chake n'kulowa kuchipinda. Ndikanatha kumulondola n'kumulanda, pajatu mphamvu ndili nazo. Koma ndinakhala pampando manja ali lende, chifukwa ndinali nditamva chinthu m'mawu ake. Mwana amene amaopa kupha mphemvu sanyamula mpeni popanda chifukwa. Kunali munthu kwinakwake. Ndikamulanda, akakumana naye chimanjamanja. Ndikamusiyira, tsiku lina ndidzadwala, kamtengo ka mlonda wina kadzagunda sokosi ija, zaka zonse zimene ndinaimirira pageti n'kupita m'madzi. Ndinasowa mtengo wogwira.

M'kanyumba ka alonda munkakhala buku lalikulu lolembamo zochitika. Tinali ndi kalembedwe kathu komwe sitinaphunzitsidwe ndi aliyense. Njinga ikabedwa, tinkalemba mtundu wake, nthawi, ngakhale mtengo umene inatsamira. Koma mtsikana akabwera kudzadandaula za mnyamata, tinkalemba nambala yake ya sukulu, osati dzina, kenako mawu atatu: "Za chibwenzi. Talangiza." Kulangizako kunali kumuuza kuti akakambirane bwinobwino ndi mnzakeyo. Tinkati tikamalowerera zimenezi, mawa tidzawapeza atagwirana manja, ife n'kutsala ndi manyazi.

Lachitatu pa nkhomaliro sindinadye. Ndinatsegula bukulo n'kumabwerera m'mbuyo tsamba ndi tsamba, chala chikutsika pa manambala. Nambala ya mwana wanga ndimaidziwa kuposa ya foni yanga. Ndinaipeza katatu. Maulendo onse atatu linali Lachinayi, tsiku langa lopuma, ndipo zolembazo zinali za mlonda mnzanga yemwe tinkamutcha a Wailesi chifukwa pakamwa pawo panalibe batani lozimitsira.

Ndinapita kuseri kwa kanyumba, n'kufunsa ngati munthu wongofuna kucheza.

"A Wailesi, nambala iyi inkafuna chiyani katatu konse?"

Anasuzumira, n'kuseka. "Aa, kamtsikana kowonda ka ku labotale kaja. Akuti mnyamata wa chaka chachinayi amakadikirira kuseri kwa wekishopu kakamaweruka. Akuti kanamukana, ndiye anakapotokola dzanja, akuti anakauza kuti adzakapeza kokha tsiku lina. Kodi mwaiwala, mayi? Si nkhani tinaseka pano ija? Munatimaliza ndinu, munati wadya tchipisi za eni abweze."

Ndinakumbukira. Ndipo ndinakumbukiranso china choposa pamenepo. Nkhaniyo ndinaitenga kupita nayo kunyumba. Ndinaifotokoza ndikuvula nsapato, mwana wanga akusita khoti lake loyera, ndipo ndinaithira mchere kuti ikome. Ndinati atsikana a masiku ano amadya za anyamata, kenako n'kuthamangira kwa alonda ngati ife tinadya nawo. Iye anaseka pang'ono, n'kunena kuti eya, n'kupitiriza kusita kolala imodzi yomweyo.

Sindinachitepo manyazi ngati amene ndinachita kuseri kwa kanyumba kaja. Mwana wanga anasankha tsiku langa lopuma kuti akapemphe thandizo pageti la amake, ndipo ine ndinamubweretsera yankho kunyumba.

Masana omwewo ndinapita kwa a Kapitawo kukapempha kuti aike mlonda pakanjira ka kuseri kwa wekishopu nthawi yoweruka.

"Kuli katundu wanji kumeneko woti n'kubedwa?" anafunsa, osasiya kulemba.

"Kumadutsa ana, bwana."

"Mayi, ndili ndi alonda asanu ndi anayi ndi mageti atatu. Ana ali ndi miyendo, azidutsa kwina."

Kwina kunalibe. Labotale anaimanga kumapeto kwenikweni kwa mpanda, ndipo njira yake inali imodzi, pakati pa khoma la wekishopu ndi maluwa aatali osadulidwa.

Munthu wanzeru akanapita kunyumba, kukhala pansi ndi mwana wake, n'kupepesa. Ndinayesa. Lachinayi ndinali pakhomo tsiku lonse ndikukonza mawu, ndikuwayeserera pochapa, ndikuwayeserera pokolopa. Iye atalowa, chimene chinatuluka n'chakuti, "Nsapato zako zadetsa pansi." Pakamwa panga panazolowera kulamula ndi kunyoza, kupepesa sipanaphunzirepo. Ndiye ndinaganiza zochita chinthu chokhacho chimene ndimachidziwa, kulondera.

Lachisanu ndinaweruka folo koloko. M'malo motuluka pageti, ndinazungulira kumbuyo kwa makalasi ndili mu yunifolomu ndi majombo anga, n'kukaima kuseri kwa thanki ya madzi pafupi ndi labotale. Dzuwa linali likadali lotentha. Anzake anatuluka awiriawiri akuseka. Iye anatuluka pomaliza, yekha, chikwama atachikumbatira kutsogolo ngati mwana wodwala, zipi ili yotsegula pang'ono. Anayang'ana uku ndi uku asanatsike masitepe. Sindinadziwe kuti mwana wanga amayenda choncho.

Ndinamusiya atalikire pang'ono, kenako ndinamutsatira. Sindinamuitane, pajatu pakoleji sitidziwana. Maso anga anali m'maluwa, kufunafuna mnyamatayo, mtima ukuti lero andiona. Zaka zonsezo za ulonda, sindinaganizeko kamodzi komwe kuti majombo olemera akamagunda kumbuyo kwa munthu wamantha amamveka bwanji.

Anawonjezera liwiro osacheuka. Inenso ndinawonjezera kuti ndisamutaye. Anayamba kuthamanga, n'kukhota pakona pa wekishopu, osaonekanso. Ndinaganiza kuti waona munthu uja kutsogolo kapena wakokedwa, ndiye ndinathamanga ndi mphamvu zanga zonse n'kukhota pakonapo.

Anali ataima chogunda khoma, akundidikira. Dzanja lake linabwera ndisanatsegule pakamwa. Ndinangomva kuzizira pamkono, kuchokera pachigongono kutsika, kenako malaya anayamba kunyowa. Maso ake anali otseka, mano ali gwa, ndipo anali akukweza dzanja kachiwiri pamene ndinamugwira pamfundo ya dzanjalo.

"Ndine! Iwe, ndine!"

Anatsegula maso. Kukuwa kumene anakuwa sindikufuna kudzakumvanso. Ndinamutsomphola mpeniwo m'manja, n'kukankhira sokosi ija m'maluwa ndi jombo. Makina a m'wekishopu anazima. Anatuluka amisiri awiri, kenako ana asukulu amene amamera paliponse pakakhala zoonera, ndipo posakhalitsa a Kapitawo anatulukira pa njinga yawo. Chimene onsewo anapeza ndi mtsikana wokhala pansi akulira, ndi Mayi Tsegulani ataima, magazi akudontha, mpeni uli m'manja.

"Mpeniwu ndi wa ndani?" anafunsa a Kapitawo.

"Ndi wanga, bwana."

"Wanu?"

"Wakukhitchini kwanga. Waya uyu ndinamanga ndekha. Ndimasendera malalanje pa nkhomaliro. Ndapunthwa n'kuugwera."

"Nanga mtsikanayu akulira chiyani?"

"Waona magazi."

Mwana wanga anadzuka, pakamwa patatseguka kuti ayankhule. Ndinamuyang'ana ndi diso limene ndinkamuyang'ana nalo ali wamng'ono akafuna kutola chakudya pamaso pa alendo. Ndinatola chikwama chake ndi dzanja labwinolo n'kumupatsa.

"Pitani, chemwali. Palibe choonera pano."

Anapita, akucheuka.

Kuchipatala cha pakoleji anandisoka kasanu ndi kawiri. Lamulo lija silinkasankha, linkagwira wophunzira ndi wantchito yemwe, ndipo ine ndinalibe pakamwa podandaulira poti ndinali nditalitumikira ndi mtima wonse. Lolemba anandiitana ku ofesi. Ndisanasaine, ndinawauza za mnyamata wa chaka chachinayi, kuti pali wophunzira amene wadandaula katatu. Bwana wa mu ofesimo anati wophunzirayo alembe kalata ku komiti, ndipo komitiyo imakumana kumapeto kwa teremu. Ndinabweza majombo, lamba, wezulo ndi kamtengo kanga. Ndikutuluka, ndinaona a Wailesi atawerama pa buku lija akulemba nkhani yanga. Inadzaza tsamba lonse n'kusefukira kuseri. Kani anthu aja amatha kulemba zazitali akafuna.

Palibe amene anandiperekeza. Pamalo panga anali ataikapo kale mlonda wina, ndipo anandipempha kuti nditsegule kachikwama kanga ndisanatuluke.

Masiku onsewo mwana wanga ankanditsuka bala m'mawa ndi madzulo, mwaluso, monga anamuphunzitsira. Sitinkayankhulana zoposa "kwezani mkono" ndi "zikomo". Lolemba sanapite kusukulu, anati mutu. Lachiwiri seveni koloko inandipeza ndili m'nyumba wopanda chochita, ndipo kwa nthawi yoyamba chilowereni iye pakoleji ndinaonetsetsa mmene amakonzekera. Anavala, anapesa, anamanga zingwe za nsapato, kenako anakhala m'mphepete mwa bedi chikwama chili pamiyendo, kuyang'ana khoma. Tiyi anazizira patebulo. Ndiye kuti m'mawa uliwonse, ine ndikunyadira pageti, iye ankakhala chonchi yekhayekha m'chipinda muno.

Ndinakhala pambali pake. Mawu aja anatuluka, mochedwa, okhotakhota.

"Mwana wanga, ndinaliona buku lija. Ndinalakwa. Zija ndinanena ukusita zija, ndinalakwa kwambiri."

Anagwedeza mutu, osandiyang'ana. Kenako anati, "Mukanangonena kuti unali wanga, Amayi."

"N'kukuchotsa sukulu? Zatsala zaka ziwiri zokha."

"Mukuganiza kuti ndinkaimiranji pamzere wanu? Mageti alipo atatu. Kwa a Wailesi munthu amalowa ndi chilichonse." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Aliyense amadziwa kuti inu simuphonya mpeni. Masabata atatu ndakhala ndikuti lero aupeza, lero aupeza. Akanandichotsa, bwenzi ndili pakhomo pano. Simukananena kuti ndathawa ndekha sukulu imene munaivutikira."

Ndinali nditataya ntchito kuti ndimusungire malo amene iye ankapemphera kuti amuchotseko. Tsopano mpeni unali m'bokosi lachitsulo, ine sindikanaloledwanso kudutsa geti lija, ndipo mnyamatayo anali akadali komweko, kudikira komiti pamodzi ndi ife.

"Mukandiuza kuti ndisapite, sindipita," anatero. Apa anandiyang'ana.

Ndinkamukonda mwanayo kuposa mpweya wanga, ndipo ndinkachita mantha. Mawu oti khala anali pa lilime penipeni. Koma ndinaona khoti loyera lija litapindidwa bwino m'chikwama, ndinaona zipinda ziwirizi, ndinadziona ndekha ndi mkono womanga bandeji, mkazi wopanda pepala lililonse, amene akachotsedwa pageti limodzi amakafuna geti lina. Ndinamuona iye atakalamba pa tebulo lofupika mwendo.

"Fulumira," ndinatero. "Minibasi ikusiya."

Sanakwiye, ndipo bola akanakwiya. Anaimirira, anakoleka chikwama paphewa, n'kundikumbutsa kuti ndisanyowetse bandeji. Anatseka chitseko pang'onopang'ono. Ndinamva mapazi ake akudutsa pawindo, akupatsa moni aneba pampopi, mpaka osamvekanso.

Ndinatsala nditakhala pabedi pake. Ku labotale amaweruka hafu pasiti folo, ndipo nthawi inali isanakwane eyiti.